Usiku umodzi pa Mount Kenya: nyanja muiona, koma glacier ayi

Achimwene amene mwafunsa kuti mukamaliza msonkhano wanu ku Nairobi mutsala ndi masiku awiri, nde mukufuna mukagone usiku umodzi pa Mount Kenya muone tinyanja ta pamwamba tija ndi glacier yomwe (ayisi wokhalitsa wa pamwamba pa phiri), poti Sapitwa munakwera kale. Nyanja nzotheka ndithu. Koma glacier pa usiku umodzi iyayi, ndipo gaidi amene angavomere zimenezo akungofuna ndalama zanu basi.

Vuto si miyendo, munthu woti wafika pa Sapitwa miyendo ali nayo. Vuto ndi mpweya. Sapitwa ndi mamita 3,002, pomwe geti ya Chogoria, poyambira penipeni kuyenda, ili kale cha m'ma 3,000 momwemo. Ndekuti pamene munathera ku Mulanje mpamene mukuyambira uku. Lewis Glacier ili pafupi ndi Austrian Hut pa mamita 4,790, nsonga ya Point Lenana ndi 4,985. Madokotala a za m'mapiri amati ukadutsa 3,000 malo ogona asamakwere kuposa mamita 500 pa usiku, nde inu kuchoka ku Nairobi m'mawa, mawa lake nkukhala pa ayisi, thupi silingalole, mutu umawawa ngati akukhoma misomali, nseru, kusanza, tulo osabwera, ndipo zikafika poti madzi alowa m'mapapo ndi nkhani ya maliro imeneyo. Matendawa sasankha kuti uyu amathamanga m'mawa uliwonse.

Nde chitani izi. Nyamukani ku Nairobi kusanache, msewu wodzera ku Embu ndi Chuka, maola anayi kapena kupitirirako kufika pa tauni ya Chogoria. Kuchoka apo mpaka pa geti ndi msewu wa m'nkhalango, pamafunika galimoto ya 4x4 makamaka ikagwa mvula, mumadutsa m'nsungwi zambirimbiri ndipo muli njovu ndi njati, musamati ndingotsika ndiyende ndekha. Kuyambira pa geti mpaka Lake Ellis ndi maola atatu mwina anayi mukuyenda mosathamanga, nyanjayo ili cha m'ma 3,500. Mukhome tenti pompo. Mawa lake mudzuke molawirira chifukwa nsonga za Batian ndi Nelion zimaoneka bwino m'mawa, ikamakwana 10 kapena 11 mitambo yatseka kale. Pobwerera mudzere ku Nithi Falls.

Ine nyanja imene ndimaikonda ndi Lake Michaelson, ili pansi m'chigwa cha Gorges Valley, matanthwe ataliatali kuzungulira, madzi ake obiriwira mwakuda. Koma ili cha m'ma 4,000, yabwino kugonapo usiku wachiwiri osati woyamba. Mutapempha masiku ena awiri kapena atatu kuntchito, mugona Ellis, kenako Michaelson kapena pa kampu ya Mintos, nkukwera Lenana usiku ndi tochi kuti dzuwa likutulukireni pamwamba, glacier mudzaiona ili mmunsi mwanu. Ndikuuzirenitu kuti musayembekezere chiphiri cha ayisi ngati za pa TV, Lewis inasungunuka pafupifupi 90 peresenti pakati pa 1934 ndi 2010, chatsala ndi kachigamba chabe, komabe kuona madzi oundana pafupi ndi equator penipeni zimadabwitsa ndithu.

Za katundu, apa mpamene a ku Mulanje timapusitsika. Kwathu kuja ukafika pa Chisepo kapena Chambe umapeza nyumba, alonda akolezera moto, madzi atereka. Pa Lake Ellis palibe zimenezo, ndi iwe ndi tenti yako, ndipo usiku kumazizira mpaka udzu ndi tenti kuyera ndi chisanu. Sleeping bag ikhale yeniyeni ya kozizira osati ija yogonera pa ukwati kumudzi kkkk, kamphasa koyala pansi, jekete yokhuthala, renikoti, magolovesi, chipewa chophimba makutu, masokosi ouma ogonera okha. Magalasi a dzuwa ndi mafuta odzola musaiwale, dzuwa la kumtunda limawotcha ngakhale ukumva kuzizira. Gasi wophikira salola mundege, mukagule ku Nairobi, kapena mungogwirizana ndi gaidi abweretse zonse pamodzi ndi mapota ndi wophika, ambiri amatero. Madzi a m'mitsinje muziwiritsa kaye. Mabotolo a pulasitiki otaya aja analetsa m'mapaki a ku Kenya kuyambira 2020, tengani botolo lolimba.

Pakiyi amayang'anira ndi a KWS (Kenya Wildlife Service), mitengo yolowera muone pa webusaiti yawo musananyamuke. Simunanene kuti msonkhanowo uli mwezi uti, ngati ndi Januwale, Febuluwale kapena Ogasiti ndi Seputembala muli bwino, koma Epulo, Meyi ndi Novembala ndi mvula yokhayokha, msewu wa ku geti uja umasanduka phala. Tiuzeni mweziwo kaye musanalipire gaidi aliyense.