Mwana akufuna kuphunzira Linux, kodi ndilipire?

Mayi wina wa ku Luchenza wafunsa za mwana wake amene anamaliza dipuloma ya ICT ndipo akuthandiza mu ofesi ya esiteti ina ya tiyi. Mwanayo akupempha ndalama zoti akaphunzire Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows, ndi kulemba ma command (mawu olamulira kompyuta) pa sikirini yakuda ija. Mayiwo akuti: "Si paja masiku ano zonse n'zongodina ndi mausi?"

Mayi, mwana wanu waona patali. Mapulogalamu a mabatani monga cPanel, Webmin kapena Server Manager ya Windows apeputsadi ntchito, ndipo sindiwanyoza. Kungoti amalola munthu kutsegula akaunti ya imelo osadziwa chimene chachitika mkati mwa makina. Tsiku limene batani lakana ndi pamene mumadziwa amene munalemba ntchito. Tinene kuti ndi kumapeto kwa mwezi, seva, kompyuta imene makompyuta ena a mu ofesi amadalira, yaima, malipiro a anthu othyola tiyi sakutuluka. Wongodina amazimitsa makina, kuyatsa, kuzimitsanso, thukuta lili kamukamu. Mnzake wodziwa ma command amalowa ndi SSH, njira yolamulira seva ali pa kompyuta ina, amalemba df -h yoonetsa malo otsala pa disiki, amaona kuti disiki yafika pa 100%, amafufuza n'kupeza kuti ndi mafayilo a log, osunga mbiri ya zochitika m'makina, amene atupa. Amachepetsa mafayilowo, ntchito n'kuyambiranso.

Kwathu kuno palinso nkhani ya netiweki. Remote Desktop, njira yogwiritsira ntchito kompyuta yakutali ndi mausi, imatumiza chithunzi cha sikirini yonse, choncho imadya bandulo ndipo imakakamira netiweki ikafooka. SSH imangotumiza zilembo, imayenda ngakhale pamene foni ikuvutika kutsegula Facebook. Komanso maseva ambiri sabwera ndi zithunzi n'komwe: Ubuntu Server, mtundu wa Linux wa maseva, ilibe desktop, ndipo Microsoft nayonso inayamba kupereka Server Core yopanda mabataniwo kuchokera pa Windows Server 2008. Mayeso a Linux otchedwa RHCSA, a kampani ya Red Hat, alibe mafunso osankha A kapena B. Amakupatsa makina, n'kukuuza kuti ukonze.

Koma musathamangire kugulitsa mbuzi. Poyambira sipafuna ndalama. Aike VirtualBox, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta ina mkati mwa kompyuta, pa laputopu yake, alowetsemo Ubuntu Server, aziiononga dala n'kumaikonzanso. Laputopu ikasowa, pulogalamu ya Termux yolembera ma command pa foni ya Android imaphunzitsa zambiri ndithu. Kuntchitoko, chilichonse chimene wachita podina azidzifunsa kuti akanachilemba bwanji mu PowerShell kapena Bash, mapulogalamu olemberamo ma command, maka ntchito zobwerezabwereza ngati kutsegulira antchito atsopano maakaunti.

Za digiri, MUST ili pomwepa ku Ndata, MUBAS ili ku Blantyre, ndipo konseko kuli maphunziro a kompyuta. Zimenezo tidzakambirana akafika poganiza zopitiriza sukulu.

Ikatha miyezi itatu, mukhale naye pansi. Mubise mausi m'thumba la chitenje, mumuuze kuti apange akaunti ya dzina lanu pa Ubuntu yake ija, aisinthe pasiwedi, kenako aifufute inu mukuona. Akatha zimenezo, mulipireni kosiyo.