Chidole chafika, nanga ndiyambire pati?

Mphunzitsi wina wa anamwino wandilembera imelo. Akuti sukulu yawo yagula chidole chophunzitsira chomwe chimapuma, kutsokomola ndi kugunda mtima, ndipo akuluakulu amusankha kuti atsogolere maphunziro oyeserera. Akufunsa kuti ayambire pati kuti akhale katswiri.

Aphunzitsi, chidolecho chiikeni kaye pambali. Mabatani ake simuchedwa kuwadziwa. Chimene chimatenga zaka ndi debriefing, kukambirana kuja ophunzira akangomaliza kuyeserera. Tinene kuti wophunzira wachedwa kuitana dokotala BP ya "wodwala" ikutsika. Mphunzitsi wosazolowera amangokalipa, kapena amazungulira ndi mafunso pomwe yankho ali nalo kale m'mutu, ophunzira n'kumangoyang'ana pansi. Mu 2006 Jenny Rudolph ndi anzake a ku Center for Medical Simulation ku America adafotokoza njira ina: nenani zimene mwaona, nenani chimene chakudetsani nkhawa, kenako funsani moona mtima zimene wophunzirayo ankaganiza. Mwina mupeza kuti kutsika kwa BP adakuona, koma ankaopa kuvutitsa dokotala. Kumubwerezera phunziro la BP sikungachotse mantha amenewo.

Akuluakulu akadzafunsa ngati kuyeserera kumathandizadi, auzeni za kafukufuku wa NCSBN, bungwe la makhonsolo oyang'anira anamwino ku America, yemwe adatuluka mu 2014. M'sukulu 10 za ku America, ophunzira ena adathera theka la maola awo a kuwodi poyeserera, ndipo pamayeso adakhoza chimodzimodzi ndi anzawo. Anthu amakonda kutchula theka limenelo, n'kusiya mfundo yakuti aphunzitsi ake adali ataphunzitsidwa bwino debriefing. Inu musaisiye, chifukwa ndi imene mudzapemphere ndalama za maphunziro a aphunzitsi.

Werengani ndondomeko za INACSL, bungwe la anamwino la maphunziro oyeserera, zomwe zidakonzedwanso mu 2021. Satifiketi ya aphunzitsi a maphunziro oyeserera yotchedwa CHSE, ya bungwe la Society for Simulation in Healthcare, ndi yabwino, koma imafuna zaka ziwiri za ntchitoyi, ndiye musaithamangire.

Za utsogoleri, kunena zoona, chimene ndimaopa ndi chakuti mungasanduke msunga kiyi: inu mukadwala, chipinda chatsekedwa. Pezani aphunzitsi anzanu awiri muziphunzirira limodzi, wina aziona mnzake akutsogolera zokambirana n'kumuuza mosabisa pamene walankhula kwambiri. Limbikiraninso kuti kuyeserera kulembedwe pa ndandanda ya maphunziro, ndipo ndalama yokonzera chidole ilowe mu bajeti chisanawonongeke.