Bambo ake ndi mphunzitsi: kodi mwana angapeze ngongole ya ku yunivesite?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Santhe, konkuno ku Kasungu. Ndaifupikitsa, ndipo dzina lawo sinditchula monga anapempha. Alemba motere:

"Mwana wathu wamkazi wasankhidwa kupita ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR. Bambo ake ndi mphunzitsi wa ku pulayimale, ine ndimalima fodya ndi soya pang'ono. Pakhomo tikulera ana asanu ndi mmodzi, awiri mwa iwo ndi a malemu mchemwali wanga. Anthu akutiuza kuti mwana wa munthu wogwira ntchito m'boma sapatsidwa ngongole ya sukulu. Ena akuti pa fomu tilembe kuti bambo ake ndi mlimi chabe, ena akuti tingonena kuti anamwalira. Kodi ndalama zomwe banja limapeza amaziona bwanji? Tichite chiyani?"

Mayi, choyamba ndikuthokozeni polera mwana mpaka kufika apa. Malo m'mayunivesite a boma ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi ana amene amakhoza mayeso a Fomu 4 chaka chilichonse, ndiye mtsikana ameneyu wagwira ntchito, inunso mwagwira ntchito. Yankho langa ndi ili: mwanayo afunsire ngongole, ndipo alembe zoona zokhazokha. Malipiro a bambo ake adzaonedwa ndithu, koma sindiwo okha amene amagamula nkhani.

Ngongole imene mukunenayi imachokera ku bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe ambiri amangoti Loans Board. Linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo la chaka cha 2015, ndipo ntchito yake ndi kubwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa a m'mayunivesite ovomerezeka, a boma ngakhalenso omwe si a boma. Lomwe limavomereza masukuluwa ndi bungwe lina, la National Council for Higher Education, lomwenso limayendetsa ntchito yosankha ana opita ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI ndi MUST. Kusankhidwa ndi kwina, ngongole ndi kwina. Dzina likatuluka pa mndandanda wa osankhidwa, sizitanthauza kuti ngongole yabwera yokha. Mwana ayenera kufunsira payekha, pa intaneti, nthawi yomwe bungweli lalengeza isanathe.

Funso lomwe bungweli likufuna kuyankha pa mwana aliyense ndi lakuti: kodi banja ili lingathe kulipira lokha? Mphunzitsi wa ku pulayimale amene akudyetsa anthu asanu ndi atatu ndi malipiro amodzi sali chimodzimodzi ndi mkulu wa mu unduna amene ali ndi mwana mmodzi, ngakhale onsewo amalandira ku boma. N'chifukwa chake fomu imafunsa zambiri za pakhomo: ngati makolo ali moyo, ntchito yomwe amagwira, amene wakhala akulipirira mwana sukulu, sekondale yomwe anaphunzira, ngati pali ulumali. Onse amene akukuuzani kuti mwana wa wa m'boma asayese n'komwe akutseka khomo lomwe eni ake sanatseke.

Koma sindikunamizani kuti zonse zili bwino. Thumba la ngongole ndi laling'ono kuposa chiwerengero cha ofunsira, choncho amayamba ndi amene ali pa mavuto aakulu zedi. Mwana wamasiye amene anaphunzira pa CDSS ya ku Chulu, woleredwa ndi agogo ake, ali patsogolo pa mwana wanu, ndipo ine ndikuona kuti n'koyenera kutero. Malipiro a pa mwezi, ngakhale ochepa, amakuikani kumbuyo kwa banja lomwe lilibe kalikonse kodalirika. Kumbuyo, osati kunja. Ntchito yanu ndi kuonetsa bwinobwino kuti ndalama zolowa pakhomo panu zimagawidwa pakati pa anthu angati.

Apa ndi pomwe mabanja ambiri a kuno amadziphera okha, makamaka alimi a fodya. Munthu akafunsidwa kuti mumapeza zingati pa chaka, amatchula ndalama yonse yomwe mabelo ake anagulidwira ku msika wa fodya wa Chinkhoma, chifukwa ndiyo imakoma kuitchula pagulu. Koma inu mukudziwa kuti ndalama imeneyo sinafike yonse m'manja mwanu. Pa pepala la malonda anadulapo msonkho, za mayendedwe a mabelo ndi zina za ku okushoni. Ngati munalima pa kontirakiti, kampani inayamba yatenga ngongole yake ya feteleza ndi mbewu. Zotsalazo munalipira aganyu, munagula mitengo ya zigafa, ndipo mbali ina ndi yoyambira nazale ya chaka chino. Chimene chinatsala pambuyo pa zonsezi ndiye phindu la banja. Khalani pansi ndi bambo, mutenge mapepala a malonda a fodya ndi malisiti a feteleza, muwerengere pamodzi. Soya naye chimodzimodzi: matumba angati, munagulitsa pa mtengo wanji kwa mavenda, munalowetsa zingati m'munda. Ulimi suli ngati malipiro. Chaka cha ng'amba mutha kutuluka opanda kanthu, ndipo ngati chaka chathachi chinali chotero, nenani.

Za malipiro a bambo, musabise kanthu. Tengani payslip ya mwezi waposachedwa, mulembe monga ikuonetsera. Ndikuchenjezeni pang'ono: ngongole za ku banki kapena ku SACCO zomwe zimadulidwa pa malipiro zimapweteka pakhomo, koma musaziwerengere ngati umboni waukulu wa kusowa, pakuti munthu atha kukongola kuti agule njinga yamoto. Umboni wamphamvu womwe muli nawo ndi ana awiri a malemu mchemwali wanu aja. Kwathu kuno mwana wa mbale wako ndi wako, sitimuwerenga padera, ndiye ambiri amaiwala kuwatchula. Atchuleni. Ngati muli ndi chikalata cha imfa ya mayi awo, sungani pafupi. Ngati mulibe, pitani kwa amfumu akulembereni kalata yotsimikiza kuti anawo mukuwalera ndinu, ndipo a ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku boma angakuthandizeni kuitsimikiza. Ana ena amene ali ku sekondale, malisiti a fizi yawo asonkhanitseni.

Simunanene sekondale yomwe mtsikanayu anaphunzira, koma ndi nkhani yofunika. Mwana amene wachokera ku sukulu ya pulaiveti ya fizi yokwera amaoneka ngati wa ku banja lopeza bwino: ngati munakwanitsa kumeneko zaka zinayi, mulephera bwanji pano? Komatu ana ambiri a m'midzi analipiriridwa ndi ena, kaya mpingo, kaya bungwe lothandiza atsikana, kaya malume amene anali ku Johannesburg ndipo pano ntchito inatha. Ngati zinali choncho kwa inu, pemphani kalata kwa amene ankalipirayo kapena kwa mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo, yonena momveka kuti fizi sinkachokera m'thumba mwanu komanso kuti thandizolo linatha.

Tsopano za malangizo akuti mulembe kuti bambo anamwalira. Mayi, musachite zimenezo, chonde. Bambo ali pa mndandanda wa olandira malipiro a boma, ali ndi chiphaso cha unzika, mwananso ali ndi chake. Bodza lotere silichedwa kuululika, ndipo likaululika mwana atha kutaya ngongole ali pakati pa maphunziro, nthawi yomwe kubwerera kumudzi kumapweteka koposa. Kuposa apo, malo amene mungatenge ndi bodzalo ndi a mwana amene bambo ake anamwaliradi. Ndipo taganizani mtsikana wanu akusayina ndi dzanja lake kuti bambo ake, amene amupatsa ya basi yopitira ku LUANAR ku Bunda, ali kumanda. Musamusenzetse zimenezo.

Kumbukiraninso kuti iyi ndi ngongole, si mphatso. Ndalama ya fizi imapita ku yunivesite mwachindunji, ya chakudya ndi malo ogona imapita kwa wophunzira, ndipo zonse adzabweza akamaliza maphunziro; akalembedwa ntchito, abwana ake amayenera kumadula pa malipiro n'kutumiza ku bungweli. Bungweli likutolerabe ngakhale kwa anthu amene anakongola m'zaka za m'ma 1980. Ndiye ngati pali mbali yomwe mungathe kulipira nokha, lipirani, mwana adzayambe moyo ndi katundu wopepuka. Dziwaninso kuti ngakhale apatsidwe, ndalama ya chakudya kawirikawiri siifika kumapeto kwa semesita, ndipo nthawi zina imachedwa. Thumba la ufa, nyemba ndi mtedza zochokera kumunda kwanu zidzafunikabe.

Chomwe mungachite sabata ino ndi kusonkhanitsa mapepala: chiphaso cha unzika cha mwana ndi za makolo, kalata yomuitana ku sukulu, payslip, mapepala a fodya, makalata a amfumu. Mwanayo atsegule akaunti ya ku banki m'dzina lake. Aziwerenga yekha chilengezo cha bungweli cha chaka chino, chifukwa zofunika zimasintha, ndipo asapereke ndalama kwa munthu aliyense wa pa WhatsApp kapena Facebook wolonjeza kuti amulowetsa dzina. Ngati netiweki ikuvuta ku Santhe, abwere pa boma tsiku lotsekera likadali kutali, osati tsiku lomaliza pamene aliyense akulimbirana.

Dzina likapanda kutuluka, asasiye malo ake ku LUANAR. Apite ku ofesi yoona za ophunzira akafotokoze, afunse njira yodandaulira komanso ngati pali thandizo lina la mabungwe kapena makampani lomwe limadzera pa sukulupo, ndipo chaka chotsatira afunsirenso. Mukandilembera kachiwiri, mundiuze sekondale yomwe anaphunzira ndi amene ankamulipirira, kuti tione kalata yoyenera kupempha.