Zithunzi za nebula zatuwa, nyenyezi zafufuma: kodi kamera yafa?

Funso: Amisiri, ndimakhala ku Dedza ndipo ndangoyamba kumene kujambula nyenyezi. Ndili ndi Canon 600D, lenzi ya 55-250mm ndi tripod yomwe ndinagula pamsika. Sabata yatha, usiku wopanda mwezi, ndinaloza nebula (mtambo wowala wa mpweya ndi fumbi pakati pa nyenyezi) ya Lagoon n'kujambula zithunzi 400 za RAW, chilichonse masekondi 2, pa 200mm, ISO 3200. Nditaziika mu DeepSkyStacker (pulogalamu yophatikiza zithunzi zambiri kukhala chimodzi) ikukana zambiri, ndipo chomwe yatulutsa n'chotuwa, nyenyezi zofufuma, kufiira kwa nebula sikukuoneka. Kodi sensa yawonongeka, kapena ndisake pulogalamu ina?

Yankho: Ndi mame, achimwene. Sensa ilibe mlandu, pulogalamunso ilibe mlandu. Ku Dedza, mu Julaye, usiku kulibe mtambo, mphepo yati zii, kamera yapenya kumwamba kwa ola lathunthu: ndikanadabwa mukanati galasi linakhala louma.

Lagoon, yomwe pamapu a nyenyezi imalembedwa M8, nyengo ino imadutsa pafupifupi pamutu penipeni kuno kwathu. N'chifukwa chake imajambulika bwino, komanso n'chifukwa chake lenzi imanyowa msanga. Galasi likayang'ana thambo lopanda mitambo limataya kutentha, limazizira kuposa mpweya wolizungulira, chinyezi n'kumatera pomwepo monga chimachitira pagalasi la galimoto yogona panja. Inu simuona kanthu chifukwa muli kumbuyo kwa kamera, manja m'thumba la jekete.

Musanandikhulupirire, chitani ichi, ndipo ndimauza aliyense wobwera ndi dandaulo lotere. Tsegulani zithunzi zitatu zokha pakompyuta: choyamba, cha nambala 200, ndi chomaliza. Zikulitseni mpaka 100%, musankhe nyenyezi imodzi yowala yomwe ikupezeka m'zonse zitatu. Musayang'ane nebula, yang'anani nyenyeziyo basi. Ngati m'choyamba ili kadontho kakuthwa, m'chachiwiri yayamba kuvala kachifunga m'mbali, m'chomaliza yasanduka chibuluma ndipo tinyenyezi ting'onoting'ono toizungulira tasowa, nkhani yatha, ndi mame. Ngati yafufuma mofanana m'zonse zitatu kuyambira pachiyambi, munaphonya fokasi. Ngati inali bwino kenako n'kusintha mwadzidzidzi pakati pa chithunzi china ndi chotsatira, munagunda lenzi pobwezera nebula pakati, kapena zumu inatsetsereka yokha, pakuti malenzi apulasitikiwa akaloza kumwamba ena amatero. Ngati yatalika ngati kambewu ka mpunga, ndi kuyenda kwa thambo kapena tripod. Nyenyezi imodzi, zithunzi zitatu, mphindi zisanu. Anthu amatha sabata akusinthasintha mapulogalamu asanatsegule ndi chithunzi chimodzi chomwe kuti aone chimene kamera inagwira. Ndipo mukakhala panja, mphindi 15 zilizonse walitsani tochi chammbali pagalasi lakutsogolo, osati molunjika. Mame oyamba ndi opyapyala, amaoneka ngati mpweya wa m'kamwa pakalilole, ndipo amaonekera chammbali pokha.

Mankhwala ake ndi kalamba kotenthetsa lenzi ka USB, kokulunga kutsogolo kwa lenzi n'kulumikiza ku power bank. Kayatseni musanayambe kujambula, osati galasi litanyowa kale. Power bank ikhale yeniyeni. Zija zolembedwa 50,000mAh koma zopepuka ngati bokosi la machesi zidzakuthimirani usiku usanafike pakati. Ikaninso hudu ya lenzi. Ngati mulibe, pindani katoni yakuda ituluke kutsogolo masentimita angapo, pa 200mm siioneka m'chithunzi. Fyuluta ya UV yotchipa ija ogulitsa amakukakamizani kuti "iteteze lenzi", ichotseni. Ndiyo imayamba kunyowa, ndipo imaika mizukwa pambali pa nyenyezi zowala.

Chomwe chimandipsetsa mtima ndi ichi: munthu waona mame, wapukuta ndi malaya, watseka chivindikiro, waponya kamera m'chikwama n'kukagona. Pakatha miyezi ingapo akubwera nayo kuno lenzi itachita chuku mkati, timizu toyera tayala pagalasi ngati ukonde wa kangaude, akufuna ndiikonze lero lomwe. Chuku chikadya utoto wa galasi, utotowo subwerera. Mukalowa m'nyumba siyani lenzi pathebulo yosatseka mpaka m'mawa, iume, kenako muisunge ndi timapaketi ta silica gel, tija timabwera m'mabokosi a nsapato.

Zinazo mwachidule. Masekondi 2 pa 200mm achuluka pang'ono. Thambo limayenda madigiri 15 pa ola, ndipo kamera yanu imakulitsa ka 1.6, choncho 200mm ikukhala ngati 320mm. Kuti nyenyezi zisatalike timagawa 500 ndi nambala imeneyo: 500 kugawa ndi 320 ikupatsani sekondi imodzi ndi theka, ndipo kumeneko n'kukomera mtima kale. Tsikirani pa 135mm. Thimitsani AF (fokasi yodzichitira yokha) ndi IS (choletsa kugwedera kwa chithunzi). Fokasi muipeze ndi live view (kuonera pasikirini ya kamera) pa 10x, mukaipeza matani tepi. Tripod yapamsikayo musaitambasule miyendo yonse, ndipo ndodo yapakati isakwezedwe. Mangiranipo botolo la madzi la malita 5 pansi pake.

Zithunzi 400 zija musazitaye. DeepSkyStacker ikukana zonyowazo chifukwa siikupeza nyenyezi zokwanira zoti ilumikizire chithunzi china ndi chinzake, ndipo ikuchita bwino kuzikana. Zisanjeni potengera score, malikisi omwe pulogalamuyo imapatsa chithunzi chilichonse, musunge zoyambirira zouma, kaya zikhale 120 zokha. Musatsitse star detection threshold (mulingo umene pulogalamuyo imazindikirira nyenyezi) pofuna kukakamiza zoipazo kulowa, mungothira madzi mumkaka. Ma dark (zojambula lenzi itatsekedwa) ndi ma flat (zojambula kuwala kofanana ponseponse), omwe amathandiza pulogalamu kuyeretsa chithunzi, ndikukhulupirira munajambula.

Za kufiira: chithunzi chotuluka mu stacking (kuphatikiza zithunzi kuja) chimakhala chakuda ndi chotuwa nthawi zonse, chimafunika kuchikoka, kutanthauza kukweza kuwala kofooka kuti kuoneke. Tsegulani fayiloyo mu Siril, yaulerenso, muchotse kuwala kwa kumbuyo, mukonze mitundu, kenako mukoke histogram (girafu ya kuwala kwa chithunzi) pang'onopang'ono, kangapo, osati kamodzi mwamphamvu. Komabe musayembekezere kufiira kwa zithunzi za pa intaneti. Kufiira kwa Lagoon ndi kuwala kwa hydrogen pa 656nm, ndipo Canon inaika fyuluta patsogolo pa sensa yomwe imatchinga gawo lalikulu la kuwala kumeneko kuti khungu la anthu lizioneka bwino masana. Fyulutayo imachotsedwa, koma kamerayo musaibweretse kuno musanathane ndi mame, ndipo musayese kuitsegula nokha ndi sikuludiraiva ya wailesi. Lagoon ndi yowala, itulukabe yapinki ndi kamera mmene ililimu.

Bwererani panja mwezi ukadzathanso mdima ukubwerawu. Mukazengereza mpaka Seputembala, utsi wa moto wa tchire udzakhala utadzaza m'mwamba, ndipo Lagoon idzakhala ikupendekera kumadzulo usiku usanakule.