Abwana akakukonda, kumbuka Heshen

Mdzukulu wanga wina wandilembera kuti: "Agogo, abwana amandikonda kwambiri kuntchito. Anthu ayamba kundipatsa kangachepe kuti ndiwathandize msanga. Poti abwana ali kumbuyo kwanga, pali choopa?"

Chilipo, mwanawe. Tamvera za Heshen wa ku China.

Heshen anabadwa mu 1750 ndipo makolo ake anamwalira iye akadali mwana. Anali mlonda wa kunyumba yachifumu ku Beijing pamene mfumu Qianlong inamuona n'kumukonda. Anali mnyamata wochenjera, wodziwa zinenero zingapo, ndipo asanafike zaka 30 anali kale pakati pa nduna zikuluzikulu. Chimene chimandiwawa n'chakuti mu 1780 anatumidwa ku Yunnan kukafufuza bwanamkubwa Li Shiyao pa mlandu wa ziphuphu, ndipo ntchitoyo anaigwira bwino. Ankadziwa ndithu kuti ziphuphu n'chiyani.

Kenaka nayenso anayamba kulandira ziphuphu. Wofuna udindo ankayamba wapereka kwa Heshen. Kuti abweze zimene wataya, iyenso ankafinya omutsatira, mpaka mtolo wonse unkakagwera mlimi wokhoma msonkho. Uziganizire bwino zimenezi, chifukwa kangachepe kamene ukulandirako kakuchokera m'thumba la munthu, ndipo mayi wopanda chopereka akutsalira pamzere. Anthu osauka atagalukira boma mu 1796, pa nkhondo ya White Lotus, ndalama zambiri za asilikali zinathera m'matumba a akuluakulu.

Palibe ankamukhudza Heshen. Mwana wake anakwatira mwana wamkazi wa mfumu. Koma akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Qianlong anasiyira mpando mwana wake Jiaqing mu 1796, ngakhale mphamvu zinali zikadali kwa bamboyo, ndipo Jiaqing anangokhala chete akuona zonse. Nkhalambayo itamwalira mu February 1799, panangopita masiku ochepa Heshen n'kumangidwa. Anamuwerengera milandu 20, chuma chake chonse chinalandidwa, ndipo anamutumizira nsalu yoyera ya silika kuti adzimangirire. Anafa asanakwanitse zaka 50.

Abwana akowo adzasamutsidwa kapena kupuma pantchito, ndipo odzalowa m'malo mwawo mwina akukuona kale. Zimene walandira kabweze mawa lomwe, mwaulemu, pamaso pa mnzako wakuntchito. Wobweretsa china umuuze kuti, "Pepani bambo, sungani, ndikuthandizani nthawi yanu ikakwana."