Kwa mayi amene mwana wawo sanapezeke ku Chilobwe

Mayi, mwafunsa kuti mungatani poti Malichi akafika tulo simuliona, makamaka mvula ikamagunda pa malata, chifukwa mwana wanu anakokoloka ndi matope a namondwe wa Freddy ku Chilobwe mu 2023 ndipo thupi silinapezeke. Pepani kwambiri, mayi.

Ifenso azakhali athu anasowa ku Phalombe sabata yomweyo. Chimene chimandibaya mumtima n'choti palibe manda okasesa, palibe poika nkhata. Chaka chotsatira tinadzala mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Pa 13 Malichi timayala mkeka pafupi nawo, timadya nsima ya nkhwani wotendera amene iwo ankakonda, n'kumatchula dzina lawo mokweza. Ana akafunsa, timawauza zoona.

Tsiku limenelo musakhale nokha. Itanani amayi a kumpingo, kapena anzanu amene munathawa nawo phiri la Soche litagumuka. Amenewo safuna kuwafotokozera zambiri. Ena adzati "zinapita, iwalani". Musawamvere, lirani ndithu. Zithunzi za tsikulo zimene zimazungulira pa WhatsApp musatsegule.

Koma milungu ikamadutsa osadya, osagona, pitani kuchipatala mukafotokoze zonse, ndipo mutengane ndi mchemwali wanu.