Kodi Mmalawi wogwira ntchito ku Harare ayenera kudulidwa ndalama za NSSA?

FUNSO: Ndine Mmalawi wochokera ku Dedza, ndipo ndakhala ndikugwira ntchito pa fakitale ina ku Southerton, mumzinda wa Harare, kwa zaka 8. Mwezi uliwonse amandidula ndalama za NSSA. Kodi lamuloli likundikhudza ngakhale ndili mlendo? Nanga ndikabwerera kumudzi chaka chamawa, adzandibwezera ndalamazo?
Wowerenga wa ku Mufakose

YANKHO: Bambo, lamuloli likukukhudzani ndithu, chifukwa pa nkhani imeneyi chimene chimatsatidwa ndi kumene munthu akukhala ndi kugwira ntchito, osati kumene kunagwera mchombo wake. Ndondomeko ya penshoni ya National Social Security Authority (NSSA), bungwe la boma la Zimbabwe loona za penshoni, inayamba mu 1994, ndipo imakhudza olembedwa ntchito a zaka 16 mpaka 65, kuphatikizapo a mayiko ena amene anakhazikika mu Zimbabwe. Inu mumadulidwa 4.5 peresenti ya malipiro anu, abwana anu nawonso amasonkha 4.5 peresenti. Lamulo la penshoni la ku Malawi, limene limalamula olemba ntchito kusonkha 10 peresenti ndi antchito 5 peresenti, silikukhudza malipiro anu a ku Southerton.

Funso lanu lachiwiri ndilo lofunika kulilingalira mofatsa. NSSA si buku la kubanki limene munthu amakatseka tsiku losamuka. Ndalamazo zimalowa m'thumba limodzi la onse, ndipo zimaperekedwa munthu akafika zaka 60, akalumala, kapena kwa banja lake iye akamwalira. Kuti mudzalandire penshoni ya mwezi ndi mwezi, muyenera kukhala mutasonkha miyezi yosachepera 120. Amene wasonkha miyezi 12 kapena kuposerapo, koma osafika 120, amalandira ndalama kamodzi kokha basi. Zaka zanu 8 ndi miyezi 96, ndiye kuti mukanyamuka chaka chamawa mudzakhala mutaperewera pafupifupi chaka chimodzi. Ndikanakhala ine, ndikanapirira miyezi 24 yatsalayi, ngakhale sindingakunamizeni kuti penshoniyo ndi yochuluka. Akuluakulu amene anaona ndalama zawo zikusungunuka mu 2008, pamene ndalama ya Zimbabwe inatha mphamvu, angakusimbireni bwino.

Musanapange chisankho, pitani ku ofesi ya NSSA mumzinda mutatenga chitupa ndi mapepala anu a malipiro, mukapemphe kuona miyezi imene inalembedwa pa nambala yanu. Zimachitika kuti olemba ntchito ena amadula ndalama koma osakapereka, ndipo mlandu wotero umavuta kuutsata munthu ali ku Dedza. Mukaonetsetsenso kuti dzina lanu linalembedwa mofanana ndi la pachitupa, pakuti mayina athu achichewa amasokonezedwa kawirikawiri m'makaundula a kuno.

Abale athu ogwira ntchito za m'nyumba ndi m'madimba a mabwana ku Borrowdale asadalire yankho limeneli, chifukwa antchito a m'nyumba sali m'ndondomekoyi.